Mabatire atatu afa m'miyezi 7: ndisumire ndani, wa yadi kapena opanga galimoto?

Amake Dalitso, Kaunda Square

Muli bwanji nonse? Nthawi zambiri ndimangowerenga za anzanga, koma lero nane ndabwera ndi yanga.

Mu Novembala chaka chatha ndinagula galimoto pa yadi ina ya m'mbali mwa Great East Road muno mu Lusaka. Dzina la yadi ndi mtundu wa galimoto sinditchula chifukwa nkhani ikadali yaiwisi. Ndi kagalimoto kakang'ono ka ku Japan, ka 2014, automatic. Mnyamata wogulitsayo analumbira kuti kangolowa kumene pa Nakonde kuchokera ku Dar es Salaam, nambala analembetsa okha katangofika, ndipo palibe amene anakayendetsapo muno. Tinagwirizana K138,000. Ndinapereka K90,000 pompo, yotsala ndimalipira K4,000 pamwezi, ndipo panopa patsala K20,000.

Vuto ndi batire. Ndikamayenda nayo tsiku lililonse imalira bwinobwino. Koma ikangogona masiku awiri kapena atatu, basi, ukapotoza kiyi umangomva tke tke tke, magetsi a pa dashboard n'kuthima. Ine ndine nesi, ndimagwira usiku masiku anayi kenako n'kupuma atatu. Masiku opumawo galimoto imangokhala pansi pa mtengo wa mango. Ndiye tsiku lobwerera kuntchito ndi limene imandichititsa manyazi, yunifolomu ili m'thupi, ine ndikugogoda pa geti ya aneba kupempha ma jumper. Automatic sungaikankhe n'komwe.

Koyamba munali mu Disembala, nditabwerako ku Chipata kokadya Khirisimasi. A pa yadi anati batire ndi lomwe linabwera nayo ku Japan, lakalamba, gulani lina. Ndinawamvera, ndinagula latsopano ku Kamwala pa K1,350. Mu Febuluwale linafa. Wa shopu anandisinthira chifukwa linali ndi warranty. Limenelonso linafa mu Meyi, ndipo ulendo uno wa shopu anakana, anati "amayi, galimoto yanu ndiyo ikudya mabatire, osati ife." Ndinagulanso lachinayi pa K1,500, ndipo ndi kuzizira kwa Juni kuno layamba kale kulira mokoka. Za Yango, matakisi oitanitsa pa foni aja, zopitira kuntchito usiku sindinaziwerengere n'komwe. A in-charge andiitana kale kawiri chifukwa chofika mochedwa anzanga a masana akufuna kuweruka.

Nditabwerera pa yadi, abwana ake anangotulutsa kope la lisiti n'kundilozera chidindo cha m'munsi: "Sold as is. No refund." Akuti zamagetsi si nkhani yawo.

Achimwene anga amene amakhala ku America ananditumizira nkhani pa WhatsApp yoti kumeneko anthu anasumira kampani ya Subaru pa vuto ngati lomweli, mabatire kumangotha galimoto ili chiimire, ndipo anabwezeredwa ndalama. Yanga si Subaru, koma iwo akuti makampani onsewa amadziwa zolakwika zawo, ndingosuma basi. Atate ake Dalitso nawo akuti tipite kupolisi, ndipo ndileke kulipira K4,000 ija mpaka akonze.

Ndiye ndikufunsa inu odziwa. Kodi munthu wa ku Kaunda Square angasumire kampani yopanga galimoto ngati mmene achitira ku America? Nanga chidindo chija ndiye kuti chanditseka pakamwa? Ndipo ndikaleka kulipira, wolakwa sakhala ine?

Mudala wa Chawama

Pepani amayi. Koma kukamba zoona, galimoto ya zaka zoposa khumi ndi salaula, ndipo wa salaula pa Soweto sabweza ndalama ukakapeza kunyumba kuti zipi yafa. Gulani sipanala ya 10, madzulo muzimasula waya wa negative, m'mawa n'kubwezera. Yanga ndachita nayo choncho zaka zitatu, kukhoti sindinapondeko. Makhoti ndi a anthu okhala ndi nthawi.

WaMawaya, Garden

Amake Dalitso, musagulenso batire lina, ndipo musalole munthu aliyense adule kapena achotse waya musanayeze. Ntchito yanga ndi yomweyi ya magetsi a galimoto, zaka 19 tsopano, ndipo mwezi sutha osabwera munthu ndi dandaulo ngati lanu.

Galimoto ya masiku ano ukaizimitsa siifa yonse. Wotchi, alamu, kompyuta ya injini ndi kabokosi kodikira rimoti zimamwabe moto. Poyamba zimamwa kwambiri, kenako pakapita mphindi 20 mpaka 40 zimagona chimodzichimodzi. Zonse zikagona, galimoto yabwino imamwa mamiliampu 20 kapena 30, ikachulutsa 50. Kupitirira apo ndiye kuti muli china chimene chikukana kugona.

Tiwerengere limodzi. Batire la kagalimoto ngati kanu nthawi zambiri ndi la 45 Ah kapena kucheperapo. Galimoto yomwa mamiliampu 30 imangotha 0.7 Ah patsiku, ingaime milungu iwiri kapena itatu n'kulirabe. Koma yomwa 400 imatha pafupifupi 10 Ah patsiku. Masiku atatu anu opuma aja, 29 Ah yapita, ndipo zotsalazo sizingatembenuze injini, makamaka m'mawa wa Juni. Choipitsitsa n'chakuti batire la galimoto silinapangidwe kuti lizitheratu. Likatheratu kangapo, mapuleti a m'kati amagwira nkhanambo ya sulphate, ndipo ngakhale ulitchaje usiku wonse silisunganso moto. N'chifukwa chake latsopano likukufererani m'miyezi iwiri kapena itatu. Wa shopu ya ku Kamwala uja sananame.

Kuyeza kwake si kwa ufiti. Batire lodzaza, galimoto itagona usiku wonse, limaonetsa 12.6 volts. Likaonetsa 12.0 ndiye latsala pang'ono kutha. Injini ikamalira payenera kukhala pakati pa 13.8 ndi 14.5, kusonyeza kuti alternator ikutchaja. Zikatero amamasula negative n'kulowetsa multimeter pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Zitseko zitsekedwe, kiyi ikhale kutali, ndiyeno adikire. Apa ndi pamene amakanika ambiri amagwera. Amene wayeza mphindi ziwiri n'kunena kuti "ndi alternator amayi" akungofuna kukugulitsani alternator. Galimoto ikagona, amayamba kusolola mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa. Fyuzi imene yagwetsa nambalayo ndiyo imakulozera kumene kuli wakuba.

Nthawi zina wakubayo amakhala wa m'nyumba: diode ya alternator yapsa, relay yakakamira, kapena kababu ka m'buti sikazima. Koma pa magalimoto khumi amene ndimatsegula, ochuluka vuto si la ku fakitale. Ndi zinthu zimene timaikamo ife muno. Wailesi ya ku Japan imathera pa 90 MHz, ndiye anthu amaikamo band expander yoti izigwira masiteshoni athu kapena amaichotsa n'kuika ya Android. Mnyamata wothamanga amangolumikiza waya wachikasu ndi wofiira pamodzi. Wachikasu ndi wa moto wosazima, wofiira ndi wa kiyi. Ukawaphatikiza, wailesi imaoneka yozima koma m'kati ili maso usiku wonse. Kenako pali maalamu otchipa, ndipo mfumu ya onse ndi tracker, kachipangizo kosonyeza komwe galimoto ili. Tracker ikakhala ndi SIM yakufa, imangosakasaka netiweki osapuma, ngati foni ukapita nayo kumudzi kopanda netiweki, imene imatha moto dzuwa lisanalowe. Ngakhale ku America komwe akunena achimwene anuko, kampani ya mafoni ya AT&T itatseka 3G mu 2022, eni ake a Subaru ena anadandaula kuti kabokosi ka m'galimoto kogwiritsa ntchito netiweki ya foni, kamene Subaru inkakatcha Starlink, kanayamba kusaka netiweki yomwe kulibenso, n'kumatha batire.

Mwanena kuti mukulipira pang'onopang'ono. Ine ndikubetcha, pansi pa dashboard yanu muli tracker, yoti a pa yadi aziitsata mpaka mutamaliza ngongole.

Nzeru ya a Mudala ya sipanala imagwira, sindikana, ndipo chitani choncho masiku opuma kuti batire lachinayili lisafe. Koma kumeneko n'kutsekera wakuba m'chipinda, osati kumugwira. Poyeza, jambulani vidiyo: nambala ya galimoto ioneke, multimeter ioneke, ndi nthawi yomwe.

NaPhiri wa pa Registry

Asisi, ndiyambe n'kunena kuti sindine loya. Ndinagwira zaka 12 monga kalaliki muofesi ya maloya m'tauni muno, kunyamula mafayilo kupita nawo kukhoti, ndiye ndikamba zimene ndinaona.

Nkhani ya achimwene anu ndi yoona, koma aifotokoza mwachidule kwambiri. Mlanduwo unayamba mu 2020 m'khoti la boma la America ku New Jersey, komwe kuli likulu la Subaru of America. Unakhudza Outback, Forester, Legacy ndi WRX za 2015 mpaka 2020, ndi Ascent za 2019 ndi 2020. Odandaula anati dongosolo la CAN, limene makompyuta a m'galimoto amalankhulirana, silinkagona bwino galimoto ikazimitsidwa. Mu 2022 anagwirizana zothetsa mlandu, kampani osavomera kuti inalakwa. Zimene anthu anapeza ndi kuwonjezeredwa warranty ya batire komanso kubwezeredwa ndalama zimene anawononga, kwa amene anali ndi malisiti. Palibe amene anamanga nyumba ndi ndalama imeneyo. Ndipo inali ya magalimoto ogulitsidwa ku America kokha, moti ngakhale wa Forester yochokera ku Japan amene ali pa Kabulonga sakanalowamo. Panalinso wina wa Acura, wa kampani ya Honda, umene unayamba mu 2016 ku California chifukwa cha kabokosi ka Bluetooth kotchedwa HandsFreeLink, komwe eni magalimoto ankati kamakana kuzima. Umenewo unakoka zaka zoposa zisanu.

Milandu yotere imatheka chifukwa pamakhala magalimoto masauzande a mtundu umodzi, odwala nthenda imodzi, mainjiniya olembedwa ntchito kuti aitsimikize, ndi maloya amene amalipidwa mlandu ukatha. Si kuti ife a Zambia sitinasumepo pagulu. Anthu 1,826 a m'midzi ya ku Chingola anatengera Vedanta ku London pa nkhani ya kuipitsidwa kwa madzi, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la ku Britain linalola kuti mlandu umvedwe kumeneko. A ku Kabwe nawo anasumira Anglo American ku Johannesburg mu 2020 pa nkhani ya mtovu. Koma taonani kukula kwa nkhanizo, ndi zaka zimene zimadya. Inu muli nokha, ndi galimoto imene kampani inagulitsa kwa munthu wina ku Japan zaka zoposa khumi zapitazo. Warranty yake inathera komweko. Opanga galimoto sanalandire ngwee yanu ndipo simunasainirane nawo kanthu. Asiyeni.

Munthu wanu ndi wa yadi, ndipo apa ndisiyana ndi a Mudala. Chidindo chija si lamulo. Tili ndi Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 ya 2010. Gawo 48 limaletsa wamalonda kuika chikwangwani kapena chidziwitso chokana udindo wake kapena cholanda wogula ufulu wake. Gawo 49 limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosagwira ntchito imene anthu amamugulira, ndipo limakamba za kubweza ndalama kapena kusintha katunduyo. Gawo 47 ndi la kunama pa za katundu, kuphatikizapo kunama za mbiri yake ndi mmene anagwirirapo ntchito kale. Palinso Sale of Goods Act ya 1893, lamulo lakale la ku England limene makhoti athu akugwiritsabe ntchito, loti katundu agwirizane ndi mmene wogulitsa anamufotokozera.

Koma ndisakunyengeni. Woweruza aliyense amadziwa kuti galimoto ya 2014 si yatsopano. Sangamulipiritse wa yadi chifukwa shock absorber yatopa. Funso lake lidzakhala limodzi: kodi vutoli linalimo kale tsiku limene munapatsidwa kiyi, kapena linabwera m'manja mwanu? Wa yadi adzanena kuti ndinu munaika wailesi, kapena mwana wanu ankasiya magetsi oyaka. Mafayilo ambiri amene ndinawaona akugwa sanagwe chifukwa wodandaula ananama, koma chifukwa anafika ndi mkwiyo wokhawokha, opanda pepala. Ndiye zimene anena a WaMawaya ndiye mlandu wanu weniweni. Amene akayezayo alembe lipoti lalifupi, tsiku, nambala zimene wapeza, chimene chikumwa moto, n'kusaina. Malisiti onse a mabatire, ngakhale khadi la warranty la lija munasinthitsa, mauthenga a pa WhatsApp ndi mnyamata wogulitsa, ndi chithunzi cha malonda a galimotoyo pa Facebook ngati akadalipo, zonse sungani.

Mukakhala nazo, lembani kalata yopita kwa mwini yadi. Musatukwane. Nenani munagula liti, anakuuzani chiyani, chapezeka n'chiyani, mukufuna chiyani, ndipo muwapatse masiku 14. Kope lanu asainepo kuti alandira. Akapanda kuyankha, njira zilipo ziwiri. Ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, kudandaula n'kwaulere, amafufuza, ndipo amalonda ambiri amafewa akangolandira kalata yochokera kumeneko. Dziwani chabe kuti chindapusa chimene angamulipiritse chimapita ku boma, sichilowa m'thumba mwanu. Ndalama za mabatire ndi za Yango malo ake ndi Small Claims Court, kumene maloya saloledwa kuimira anthu, mumadzikambira nokha m'chinenero chanu, bola ndalama yomwe mukufuna isapitirire malire a khotilo.

Za kupolisi, auzeni atate ake Dalitso asavutike. Akakuuzani kuti ndi nkhani ya civil, n'kukubwezani. Ndipo chonde musaleke kulipira. Tulutsani pangano limene munasaina muwerenge mzere uliwonse. Ambiri amalembamo kuti mukaphonya mwezi umodzi kapena iwiri atha kudzatenga galimoto. Mukaleka, mwawapatsa nokha mpeni. Lipirani kudzera kubanki kapena pa foni kuti pazitsala umboni.

Agent wa magalimoto, Makeni

Ine ndimaitanitsa magalimoto, ndiye mundilole ndiikeko mawu a mbali inayo. Anthu amaganiza kuti ife timadziwa chilichonse cha m'galimoto. Timagula poona zithunzi ndi auction sheet, pepala lofotokoza mmene galimoto ilili, basi. Kuyeza kumene amachita isanakwere sitima ndi kwa mabuleki, matayala, magetsi a kutsogolo, zinthu zoti iyende pamsewu. Palibe amene amakhala nayo usiku kuona ngati ikumwa moto. Ikatero imakhala milungu pa nyanja, milungu ina padoko, kenako madalaivala ochokera ku Dar, ena mwa iwo amasinthanitsa mabatire m'njira. Ikafika pa yadi, theka la magalimoto timachita kujampitsa m'mawa uliwonse, ndiye sungadziwe kuti iyi yadwala kapena yangokhalitsa.

Koma chimodzi ndivomere. Alipo anzathu amene amagulitsa pa ngongole, munthu akalephera n'kulanda, kutsuka, kupopera perefyumu, n'kuibwezera pamzere ngati yangofika. Si tonse. Amayi, white book, pepala losonyeza mwini galimoto, munaiona ndi maso anu?

Amake Dalitso, Kaunda Square

Zikomo nonse, ndabwerako ndi nkhani. A Agent, white book sindinaionepo, anati idzatuluka ndikamaliza kulipira.

Loweruka ndinapita ndi atate ake Dalitso kwa wa magetsi wina ku Mtendere amene anatilozera a kutchalitchi. Ndinamuwerengera zonse zimene analemba a WaMawaya, iye n'kuseka, akuti "amayi mwabwera ndi sukulu yanu." Alternator ili bwino, 14.2. Tinatseka zitseko n'kudikira mphindi 40 padzuwa, Dalitso ndiye anagwira foni kujambula. Nambala inaima pa 390 osatsikanso.

A WaMawaya, kubetcha kuja mwapambana kawiri. Ma tracker alimo awiri. Ina ndi yatsopano, yomangidwa bwino pafupi ndi bokosi la mafyuzi. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti ili m'pangano, mzere wa 9, ndinasaina osawerenga, ndipo palembedwa kuti ndisaikhudze mpaka nditamaliza ngongole. Imeneyo sitinaikhudze. Inayo inali kuseri kwa wailesi, yokulungidwa ndi tepi yakuda yomwe yayamba kale kusungunuka, yodzaza fumbi lofiira, ndipo poigwira inali yofunda galimoto itazima pafupifupi ola lathunthu. Atasolola pulagi yake nambala inagwa kuchoka pa 390 kufika pa 95. Atatsegula kachivindikiro kake, m'kati muli SIM ya kampani ya mafoni ya konkuno ku Zambia. Galimoto imene "palibe anaiyendetsapo muno."

Zotsalazo zinali za wailesi, mawaya awiri aja analumikizidwadi pamodzi monga munanenera. Anajambula kaye, kenako anawalekanitsa, nambala n'kufika pa 35. Wailesiyo ndinaipezamo, sindinaike ine, ndipo ikuoneka pa zithunzi zimene mnyamata uja ananditumizira ndisanagule. Tracker yakaleyo taisiya pamalo pake, tangoisolola pulagi. Lipoti walemba pamanja, tsamba limodzi, wadinda ndi chidindo chake. Anandilipiritsa K350.

Tsopano mutu wanga wasokonezeka. Atate ake Dalitso akuti tibweze galimoto atipatse ndalama zathu zonse. Ine galimotoyo ndimaifuna, injini yake ilibe vuto, ndipo ndikaibweza ndiyambanso kudikira minibasi pa Great East Road usiku.

WaMawaya, Garden

35 ndi nambala yabwino, wa ku Mtendereyo amadziwa ntchito. Batire lachinayilo mukalitchajitse pang'onopang'ono usiku wonse pa charger, osadalira alternator yokha, mwina lingapulumuke poti latheratu kochepa. Ndipo pa tracker yakaleyo pamakhala kasitika ka nambala yake yodziwikira, yotchedwa IMEI, pa SIM palinso nambala yake. Jambulani zonse ziwiri zioneke bwino.

NaPhiri wa pa Registry

Asisi, tsopano muli ndi nkhani ziwiri, musazisakanize m'kalata.

Yoyamba ndi yaing'ono koma yolimba: ndalama zimene mwataya. K1,350 ndi K1,500 za mabatire, K350 ya woyeza, ndi za Yango. Mu app muli mndandanda wa maulendo onse, sankhani a masiku amene galimoto inafa okha, musawonjezere a kumsika. Tracker ya fumbi ndi zithunzi za wailesi zija zikuyankha funso lija loti vuto linalimo kale kapena ayi. Zindikiraninso mawu a a Agent, oti pa yadi amajampitsa m'mawa uliwonse. Galimoto yomwa 390 singaime pa yadi sabata imodzi anyamata osadziwa kuti imafa.

Yachiwiri ndi yaikulu: anakuuzani kuti yangofika, pamene zikuoneka kuti inayendapo kale muno. Imeneyi ndiyo ya gawo 47, ndipo ndi imene ingawaopse. Koma SIM yokha siikwana, adzanena kuti anaika ndi a clearing kuti aziitsata panjira yochokera ku Nakonde. Chimene chingathetse mkangano ndi tsiku limene galimoto inalembetsedwa koyamba ku RTSA, kolembetsera magalimoto, ndi dzina limene lili pa white book. M'kalata yanu pemphani kope lake. Akakana kukuonetsani pepala la galimoto imene mwalipira kale K118,000, kukanako nakonso mudzakatchule ku CCPC.

Zobweza galimoto, ndikuona ngati atate ake Dalitso akukhumba zovuta kupeza. Mwayenda nayo miyezi 7, mwalipira miyezi yonseyo, ndipo vuto lakonzeka ndi K350. Pamenepa malamulo amakonda kunena kuti katundu munamulandira, chotsala ndi kulipidwa zimene mwataya ndi kusiyana kwa mtengo. Ine ndikanakhala inu ndikanapempha kuti zonsezo azichotse pa K20,000 yotsalayo, molemba, ndipo white book ituluke m'dzina lanu. Mukafuna kulimbana nazo zobweza, kambani kaye ndi loya kapena a Legal Aid Board. Dzina la yadi musaliike pa Facebook pakali pano, mungasanduke woyankha mlandu ndinu.

Mudala wa Chawama

Ma tracker awiri! Mwina nane nditsegule dashboard yanga, zaka zitatu ndikumasula waya ngati wamisala.

Amake Dalitso, Kaunda Square

A Mudala tsegulani, sipanala ipume.

Kalata ndinapereka Lachiwiri. Za Yango zinakwana K1,920, ndiye zonse pamodzi ndalemba K5,120, kuwonjezera pempho la kope la white book. Abwana anakana kusaina, koma mtsikana wa pa desiki anasaina n'kulemba tsiku iwo atalowa m'kati. K4,000 ya mwezi uno ndalipira kubanki monga munanenera. Galimoto yagona masiku atatu anga opuma osamasula waya, ndipo dzulo madzulo yalira kamodzi kokha. Aneba anachita kusuzumira pa mpanda kudabwa kuti sindinagogode.

Lero m'mawa ndikuweruka, abwana aja anaimba foni. Mawu ofewa ngati si omwe aja a chidindo. Akuti tisafike kutali, andipatsa batire latsopano laulere, koma ndibweretse galimoto anyamata achotsemo "kachipangizo kakale kaja, poti ndi katundu wa kampani yathu." Ndinawafunsa kuti katundu wa kampani yawo analowamo liti m'galimoto yongofika kumene. Anati tidzakambirana pamaso. Ndawalembera pa WhatsApp kuti zimene anena pafonizo azilembe pomwepo, kuphatikizapo zoti tracker ndi yawo. Uthenga awerenga 7:42, mpaka pano sanayankhe. Pa masiku 14 aja patsala 11.